Bawuti Yomwe Sindinapange

Malikisi a ntchito ya ku wekishopu anawamata pa bolodi Lachitatu masana. Ndinafika anthu atadzaza kale, ndiye ndinangoima kumbuyo kudikira kuti mitu ichepe. Ndinalibe changu. Ndinkadziwa kuti pa nambala yanga pakhala popanda kanthu, chifukwa ntchitoyo sindinaipange.

Ndinali m'chaka chachiwiri cha uinjiniya wa makina, m'kalasi ya anthu 46, atsikana tili asanu. Dzanja langa lamanja limathera pachigongono. Ndinabadwa choncho, ndipo anzanga amanditcha Wamanzere, dzina lomwe ndinalilola chifukwa ena omwe ndinawamvapo ku sekondale anali oipa kuposa limeneli. Teremu imeneyo aliyense anapatsidwa kachitsulo kobulungira kuti akaseme pa makina mpaka kasanduke bawuti, adule mazinga, kenako akhome nambala yake pamutu pa bawutiyo. Anatipatsa masabata asanu ndi limodzi. Masabata onsewo, bambo oyang'anira wekishopu, amene timawatcha a Sefute chifukwa satha mphindi zisanu osatchula za ngozi, ankandiuza mawu amodzimodzi: "Inu dikirani kaye, ndikuitanani." Ankandikhazika pa benchi pafupi ndi zenera, n'kundipatsa kope loti ndizilembamo miyezo ya anzanga. Tsiku lopereka ntchito linafika asanandiitane.

Mitu itachepa ndinayandikira. Pa nambala yanga panali 81.

Ndinayika chala pa nambalayo n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono mumzere, poganiza kuti maso alumphira pa mzere wa mnzanga. Chala chinakafika pa 81 pomwepo. Ndinali wachitatu m'kalasi yonse.

"Wamanzere watikwapula ndi dzanja limodzi," anatero mkulu wa kalasi yathu, mnyamata wamtali wokonda kuseka. "Unkapanga nthawi yanji, aise? Ife timakuona uli pa benchi."

"Inenso sindikudziwa," ndinayankha. Iye anaseka, poyesa kuti ndikuchita nthabwala.

Ndinapita ku wekishopu. Mabawuti onse anali atabwezedwa m'thireyi yamatabwa yokhala ndi timabowo, iliyonse pa bowo lake. Pa bowo langa panali bawuti. Ndinaitenga. Inali yosalala, mazinga ake oyera bwino, nati inkalowa popanda kukakamira paliponse. Pamutu pake panali nambala yanga, manambala onse asanu ataima mowongoka ngati osindikizidwa ku fakitale. A Sefute anali kumapeto kwa holoyo akuwotcherera chitseko cha kabati, nkhope ili m'chigoba. Ndinaika bawutiyo m'thumba la ovololo n'kutuluka.

Ku hositelo ndimagona chipinda chimodzi ndi mtsikana wa chaka chachinayi wa uinjiniya wa zomangamanga. Amayenda ndi ndodo ziwiri, ndipo anthu amamutcha Konkire. Anatiika pamodzi chifukwa chipinda chathu ndicho chili pafupi ndi bafa lopanda masitepe, ngakhale ine masitepe sandivuta. Ndinam'peza atakhala pabedi, mapulani a mlatho atawayala mpaka pansi. Ndinam'ponyera bawuti ija pamiyendo n'kumufotokozera.

Anaitembenuza, anapotokola nati, n'kuimba kamluzu. "Amene wapanga iyi amakukonda," anatero. "Ungokhala chete. 81 sakutola pamsewu."

"Koma si yanga."

"Nambala ndi ya ndani?"

"Yanga."

"Basitu." Anabwerera ku mapulani ake. Patapita kanthawi analankhulanso osadzutsa mutu. "Chaka chachiwiri ife tinapita kukayeza malo kuseri kwa bwalo la mpira. Sabata yathunthu. Ine anandipatsa kope ndi ambulera. Ndinakhoza bwino kwambiri, kuposa amene ankanyamula zida. Lero ndatsala ndi miyezi itatu kuti nditsirize, koma ukandipatsa makina oyezera malo aja, sindingawaimike pa miyendo yake. Ndimalota atandilemba ntchito, tsiku loyamba n'kundipatsa makinawo anthu onse akuonerera."

"Ndiye ukuti ndikanene?"

"Ine sindinatero."

"Ukuti ndikhale chete?"

"Ndakuuza kale zimenezo." Anandibwezera bawuti ija. "Usandifunse ine. Ine ndinakhala chete, ndipo ndikumaliza sukulu. Ndi zomwe ndikudziwa."

M'mawa mwake ndinakagogoda ku ofesi ya aphunzitsi a phunzirolo. Ndi bambo ofatsa, ofesi yawo yodzaza ndi mapepala mpaka pampando wa alendo, moti ndinalankhula chiimire.

"Ndabwera za malikisi a bawuti, aphunzitsi."

"Madandaulo a malikisi amalembedwa pa fomu," anatero osandiyang'ana. "Mwapeza angati?"

"81."

Anavula magalasi. "Ndiye mukufuna angati?"

"Ayi, sindikufuna owonjezera. Bawutiyo sindinapange ine."

Anatulutsa mndandanda wawo m'dirowa n'kufufuza nambala yanga. Pambali pake panali mawu olembedwa ndi inki yofiira, dzanja lawo lomwe: wakhululukidwa. Anandionetsa. Anati iwo anamva kuti ine sindiyenera kugwira ntchito za pa makina, ndipo ankafuna kundipatsa mayeso olemba m'malo mwake, kungoti anali asanapeze mpata. Mabawuti anachonga ndi wothandizira wawo, amene amangoona nambala osadziwa mwini wake.

"Ndiye bawuti imeneyi yachokera kuti?" anandifunsa.

"Ndimayesa mundiuza ndinu."

Ndinawaonetsa bawutiyo, anaiyang'ana. Kenako mawu awo anasintha pang'ono. "Mukudziwa kuti kupereka ntchito yopangidwa ndi munthu wina ndi mlandu? Anthu amachotsedwa sukulu."

"Sindinapereke ine, aphunzitsi."

"Inde, inde. Koma yaperekedwa m'dzina lanu." Anapukuta magalasi ndi tayi. "Sindikuti mwalakwa. Sindikudziwa kuti ndikuti chiyani. Pitani ku ofesi yoona za ophunzira aulumali, iwo ndi amene anatumiza kalata."

Ndinalowa muja ndili wachitatu m'kalasi, ndinatuluka ndili munthu woti akhoza kuchotsedwa sukulu, ndipo pakati pa ziwirizi sindinachite kanthu kalikonse.

Mayi a ku ofesi ija anandilandira ndi manja awiri monga mwa masiku onse. Amatitcha tonse ana awo. Anatsegula fayilo yanga n'kutulutsa kalata yomwe inapita ku dipatimenti yathu ndili chaka choyamba. Inali ndi ndime imodzi yokha yofunika: wophunzirayu athandizidwe pa ntchito zonse zamanja. Pansi pake panali sayini yawo, ndi sayini yanga. Ndinaikumbukira. Ndinasayina sabata yoyamba, tsiku lomwe ndinasayina mapepala ena khumi, amayi anga atakhala pambali panga ndi chikwama cha zofunda.

"Apa tinkatanthauza kuti azikupatsa nthawi yowonjezera," anatero mayiwo. "Ndi zomwe timatanthauza nthawi zonse."

"Aphunzitsi anamva kuti ndisamagwire makina."

"Ayi, si zimenezo. Tikanafuna zimenezo tikanalemba zimenezo."

"Nanga nthawi yowonjezerayo inalembedwa pati?"

Anawerenganso ndimeyo, milomo ikuyenda. Anaitembenuza kalatayo kuona kuseri, komwe kunalibe kanthu. "Aliyense amadziwa," anatero, koma motsitsa mawu. Kenako anandigwira phewa. "Mwana wanga, wina wakuchitira nkhanza? Wakunyoza? Ukandiuza dzina ndilemba lipoti lero lomwe."

Ndinati palibe wandinyoza. Anandifunsa ngati ndikufuna kuti andichotse pa phunzirolo. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati ndikufuna malikisiwo akhale momwemo. Ndinati sindikudziwa. Anandifunsa chomwe ndikufuna kuti iwo achite, cholembera chili m'manja, ndipo ine ndinangoyang'ana kalendala yomwe inali pakhoma.

Ndili panjira amayi anga anaimba foni. Ndinawafotokozera mwachidule, ndikuyembekeza kuti akwiya. Iwo anandilera osandilola kunena kuti sindingathe. Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri ankandisiya ndi zingwe za nsapato mpaka ndimange ndekha, ine ndikulira, iwo akusita zovala ngati sakumva.

"Ndiye wapita kukadzinenera wekha?" anatero. "Iwe, anthu akakuchitira chifundo umathokoza. Ukufuna akuthamangitse?"

"Amayi, si inu munkati ndizipanga ndekha?"

"Zingwe za nsapato sizidula munthu dzanja. Uli nalo limodzi lomwelo." Anapuma. "Makinawo ndi aakulu bwanji?"

Ndinati si aakulu kwenikweni. Ndinanama.

A Sefute ndinawapeza nthawi ya nkhomaliro, wekishopu ili phee, akumwa tiyi m'kapu yachitsulo. Ndinaika bawuti ija pa tebulo lawo. Sanadabwe.

"Mwapeza angati?" anafunsa.

"81."

"81?" Anaitenga n'kuiyang'anitsitsa. "Achotsera pati 19? Mwana uja sadziwa kuchonga."

"Ndiye munapanga ndinu, bambo?"

"Nanga akanapanga ndani? Kalata inabwera, inati muthandizidwe pa ntchito zonse zamanja. Zonse. Ine ndinathandiza." Anaona nkhope yanga n'kuika kapu pansi. "Mwakhumudwa?"

Ndinabwera nditakonzeka kukalipa, koma munthu amene ndinkafuna kumukalipirayo sanali pamenepo. Panali bambo wachikulire amene anataya nkhomaliro zake ziwiri kapena zitatu akusema bawuti yanga, n'kukhoma nambala yanga mosamala kuposa momwe ndikanaikhomera ine.

"Aphunzitsi akuti ndi mlandu," ndinatero. "Akuti ndikhoza kuchotsedwa."

Nkhope yawo inagwa. "Mlandu wa ndani? Inu simunadziwe n'komwe." Anaimirira, anakhalanso. "Zaka 23 ndili muno. Ndinaonapo mkono wa ovololo utakodwa pa makina awo ali apowo. Mnyamata wa manja awiri, wamphamvu. Batani lozimitsira lili kumanja. Inu mukakodwa kumanzere, muzimitsa ndi chiyani?"

Limenelo linali funso lenileni, ndipo palibe anali atandifunsapo. Ndinapita pa makinawo n'kuima pomwe munthu amaima. Batani lofiira linalidi kumanja, m'munsi pang'ono. Ndinaliyesa ndi chigongono, sindinalifikire. Ndinaliyesa ndi bondo, ndinalifikira.

"Ndi bondo," ndinatero.

"Bondo," anabwereza, ngati mawu achilendo. Anabwera, anaima pomwe ndinaima, nawonso anayesa ndi bondo lawo. Analiphonya. Anayesanso, analigunda. "Sindikulonjeza kanthu," anatero.

Masana omwewo anapita okha kwa aphunzitsi kukaulula. Zomwe anakambirana sindikuzidziwa, koma Lolemba ndinalandira uthenga woti nkhaniyo ipita ku komiti, ndipo podikira ndaloledwa kupanga bawuti yanga m'masiku atatu, a Sefute akuyang'anira. Sanandiuze ngati ichi chinali chilango kapena mwayi. Mkulu wa kalasi anandifunsa ngati n'zoona kuti ndagwidwa ndikubera. Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu anandifunsa ngati n'zoona kuti ndasumira a Sefute. Onse ndinawayankha kuti ayi, ndipo onse anaoneka kuti sanakhulupirire.

Konkire anadula mkono wamanja wa ovololo yanga n'kuusoka pachigongono kuti pasalendewere kanthu. A Sefute anamangirira kathabwa kotakata pa batani lofiira lija kuti bondo lisaphonye, ndipo tsiku loyamba lonse sanandilole kuyatsa makina. Ankangofuula kuti "zimitsa" ine n'kugunda, kambirimbiri, mpaka bondo linatupa.

Tsiku lachiwiri ndinayatsa. Ndinali nditaonerera anzanga masabata asanu ndi limodzi, miyezo yonse ndinkaidziwa pamtima, ndipo ndinkaganiza kuti chovuta chikhala dzanja. Chovuta chinali china. Sindinkadziwa kulemera kwa chogudubuza cha makinawo chikamakankha mpeni wosemera pa chitsulo, kapena phokoso lomwe limakuuza kuti wadya kwambiri. Zimenezi siziwoneka uli pa benchi. Chitsulo choyamba ndinachidya mopitirira, chinaonda ngati pensulo. Chachiwiri chinatuluka chonenepa kumutu, chowonda kumchira. A Sefute anaima kumbuyo kwanga, manja ali m'thumba, ndipo ndinkamva makiyi akulira m'thumbamo nthawi iliyonse ndikalakwitsa. Kawiri anatulutsa dzanja, kawiri analibweza.

"Mukanakhala inu mukanatani apa?" ndinawafunsa nditasokonezeka.

"Ine ndikanagwira uku ndi dzanja ili, uku ndi ili," anatero, n'kuyang'ana manja awo. "Kwa inu sindikudziwa. Sindinaphunzitsepo zimenezi."

Pa mazinga m'pamene tinaima nthawi yaitali. Chida chodulira mazinga chili ndi zigwiriro ziwiri, munthu amachipotokola ndi manja onse kuti chilowe mowongoka. Ndinayesa ndi dzanja limodzi, chinalowa chopendama. Ndinayesa kutsamiza chigongono, chinaterereka n'kundisupula khungu. Ndinakhala pansi pa bokosi la zida, ndikuganiza kuti mwina aphunzitsi aja analondola ndi inki yawo yofiira. Kenako ndinaona kuti palibe lamulo loti chizungulire ndi chidacho. Ndinazimitsa makina pa switchi ya kukhoma, ndinatsamiza chigwiriro chimodzi pa thupi la makinawo kuti chisayende, n'kuyamba kuzungulitsa bawutiyo ndi dzanja, pogwira mutu wa makina womwe umaipana. Mazinga anayamba kutuluka, pang'onopang'ono, mafuta akudontha.

A Sefute anawerama kuyang'ana. "Zimenezi n'zololedwa?" ndinawafunsa.

"Sindikudziwa," anatero. "Pitirizani."

Pokhoma nambala panafunika wina agwire kachitsulo ka nambala ine ndikumenya ndi hamala. Ndinawapempha. Anagwira, maso atatsinzina, ndipo nambala yachitatu inatuluka yogona chammbali chifukwa anasuntha chala.

Bawuti yanga inali yoipa. Nati inkalowa mpaka pakati n'kukakamira, ndipo pathupi pake panali mizere ngati yakulumwa ndi khoswe. Wothandizira aphunzitsi uja anaipatsa 55. Konkire anaiyang'ana n'kunena kuti sangakwere basi yomangidwa ndi bawuti imeneyo, koma anaisunga m'manja nthawi yaitali kuposa yoyamba ija.

Komiti inakumana patatha masabata atatu. Sanandiitane. Kalata yawo ndinaipeza ku ofesi ya dipatimenti, ndipo ndinaiwerenga katatu ndili pakhonde. Inati wophunzirayu alibe mlandu. Inati wogwira ntchito uja anachita zomwe anamva kuti walamulidwa, choncho nayenso alibe mlandu. Inati malikisi oyamba analowa kale m'kompyuta ndipo sangafufutidwe popanda mlandu, koma achiwirinso sanganyalanyazidwe popeza ntchito inagwiridwa. Choncho komiti yaphatikiza awiriwo n'kugawa pakati. Malikisi anga ndi 68.

Ndinapita nayo kwa aphunzitsi. Anaiwerenga n'kunena kuti iwo m'komitimo anali ndi maganizo ena, koma sanandiuze kuti anali otani. Mayi a ku ofesi ija anati ndi nkhani yabwino ndipo ndizisangalala. Amayi anga anafunsa ngati 68 ndi kukhoza, nditati inde anati basi, ndisiye kuvutitsa anthu, kenako anafunsa ngati khungu la pachigongono lapola.

A Sefute anaiwerenga ataitalikitsa ndi maso, chifukwa magalasi anali atawaiwala kunyumba. Anawerengera pa zala.

"Ndiye kuti pa 68 ameneyu, 40 ndi theka ndi anga," anatero. "Ine sindinapiteko ku yunivesite, koma onani, ndayamba kukhoza."

Ndinaseka, ngakhale sindinkadziwa ngati n'zoseketsa. Ndinawafunsa ngati akuganiza kuti ndikadandaule kuti andipatse 55 wanga. Anati munthu wodandaula kuti amuchotsere malikisi sanamuonepo, ndipo fomu yake mwina kulibe. Kenako anapinda kalatayo, anandibwezera, n'kuloza ndi chibwano makina ena aakulu omwe anali pakona atafundidwa lona.

"Teremu ya mawa muli pa awo," anatero. "Amenewo batani lake lili pamwamba. Bondo silifika."

Tinapita kukavundukula lonayo. Fumbi linatitsokomoletsa tonse. Batanilo linali pamwamba ndithu, kumanja, pafupi ndi msinkhu wa khutu langa. Tinaima pamenepo tikuliyang'ana mpaka belu la kalasi ya masana linalira, ndipo ndinathamanga kukatenga mabuku.